Kodi za m'filimu zingamuchitikire mng'ono wanga?

Funso: Adokotala, ndinaonera filimu ya Requiem for a Dream ya mu 2000 ndipo tulo tinandithawa. M'filimuyi mnyamata wina dzina lake Harry anadulidwa mkono chifukwa chodzibaya heroin, mayi ake mutu unasokonekera ndi mapilisi ochepetsa thupi. Mng'ono wanga wasiya sukulu, tsiku lililonse akumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Kodi filimuyi sikukokomeza?
Wodandaula, Lilongwe

Yankho: Filimu imathamangitsa nkhani, koma wotsogolera filimuyi, Darren Aronofsky, sananame. Codeine ndi heroin n'zagulu limodzi. Ubongo ukazolowera umafuna mlingo wokulirapo, ndipo munthu akasiya amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, thupi lonse kuphwanya. Kuopa ululu umenewu n'kumene kumamuiwalitsa sukulu. Chimene ndimadandaula ndi filimuyi n'chakuti palibe amene akuchira, pomwe anthu amachira ndithu.

Lankhulani naye asanamwe, mofatsa, osamunyoza. Musamamupatse ndalama m'manja. Muchenjezeni kuti kuphatikiza codeine ndi mowa kungaimitse kupuma. Mupite naye kuchipatala cha boma kapena cha St John of God, akamuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Akamapuma mobanika, kapena osadzuka mukamugwedeza, mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.