Za Mlendo Wobwera ndi Mbale Wathu

Phunziro la mwezi uno linena za cinthu cimene cisautsa mabanja ambiri a Akristu, koma acita manyazi kucichula. Mphwathu kapena mlamu wathu afika ndi bwenzi lace, nati, "Uyu agone kuno masiku pang'ono." Timphera nkhuku, timyalira mphasa, monga kuyenera. Koma mwezi utha, wina nuoneka. Mbale uja wabwerera kwao, ndipo mlendo akali pakhonde. Khasu saligwira. Abwera usiku alikununkha kacasu, nanyoza ndiwo, nalankhula zopanda ulemu kwa ana athu akazi. Mai wa m'nyumba asinja ndi kutunga madzi ali cete, maso ali pa nkhokwe imene irikutsika.

Akulu anati mlendo ndi mame. Nanga mame akakana kukamuka dzuwa litakwera, ticitenji?

Mpingo woyamba unalidziwa bvuto ili. Kuli kabuku kakale ka m'Cigriki, kochedwa Didache, kamene Bryennios anakapeza ku Constantinople m'caka ca 1873. Kameneko kalangiza kuti wapaulendo athandizidwe monga tikhoza, koma asapitirire masiku awiri kapena atatu. Akafuna kukhalitsa, agwire nchito, nadye za manja ace. Paulo yemwe, pokhala kwa Akula ndi Priskila ku Korinto, anasoka nao mahema (Macitidwe 18), ndipo Atesalonika anawaletsa kudyetsa munthu wokana nchito dala (2 Atesalonika 3). Tisaiwale kuti wonenedwa apa ndiye wokana, si wodwala kapena nkhalamba ai.

Koma pobvuta ndi apa: mlendoyo sanadze yekha. Tikampitikitsa ife eni, tacititsa manyazi mbale wathu, ndipo mau otere sacedwa kufika kwa amalume. Cifukwa cace tiyambe ndi iye amene anadza naye. Timuitane, kapena timlembere kalata, timuuze poyera zimene zacitika, osaonjezapo kanthu. Iyeyo ndiye nkhoswa ya mlendo wace. Anamlowetsa pakhomo ndiye, womturutsanso akhale yemweyo. Ambiri a ife tilakwa pomwepa. Tidandaula kwa anansi kucitsime ndi kumtondo, ticepetsa nsima m'mbale kuti mlendo azindikire yekha, koma tikakomana ndi mbale wathu tingoseka. Kumeneko si kufatsa ai, ndi mantha.

Mbaleyo akafika, tikhale pansi pamodzi ndi mlendo, mwamuna ndi mkazi wace atayamba apangana mau amodzi. Tichule tsiku lakucoka, tinenenso za masiku otsalawo: kumunda apite nafe, mowa usalowe m'nyumba, kugona agone kumphala. Mbale akakana kubwera, tipemphe mkulu wa mpingo kapena nyakwawa akhale mboni ya mau athu. Ndipo tsikulo likakwana, mai amkazingire cimanga ndi mtedza zikhale kamba wa panjira, ndi ife timperekeze kufikira pamphambano.