Phunziro: Kuwerenga Malo Osiyana pa Mizere Iwiri ya DNA

Khalani pansi, ana anga. Kuno ku Chazanga magetsi sitiwadalira, choncho tiyambira m'kope. Kompyuta ibwera pambuyo. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Koperani mizere iyi, wina pansi pa unzake, chilembo pansi pa chilembo:

ACTCCTGAGGAG
ACTCCTGTGGAG

Yendetsani chala kuchokera kumanzere. Zikusiyana pati? Pa malo achisanu ndi chitatu basi: pamwamba pali A, pansi pali T. Musapeputse. Kachidutswa aka nkochokera mu jini ya hemoglobini, ndipo GAG kusanduka GTG ndiye gwero la matenda a sickle cell. Mwana wotengera chilembo chimenechi kwa bambo ndi mayi omwe, maselo ofiira a m'magazi ake amapindika ngati chikwakwa, ndipo ena mwa ana otere amakagonekedwa ku chipatala cha UTH mafupa akuwawa. Vernon Ingram ndiye anaonetsa mu 1956 kuti vuto lili pa kachidutswa kamodzi ka puloteni ya hemoglobiniyo.

Kuwerenga kotereku kumatchedwa Hamming distance, potengera dzina la Richard Hamming amene anakufotokoza mu 1950 ali ku Bell Labs. Iye sankaganiza za magazi ayi, ankasaka zolakwika m'mauthenga a makina.

Tsopano zimene chachita chala chanu tiziuze kompyuta m'chilankhulo cha Python:

def werenga(a, b):
    if len(a) != len(b):
        raise ValueError("utali wasiyana")
    kusiyana = 0
    for x, y in zip(a, b):
        if x != y:
            kusiyana += 1
    return kusiyana

Zip amatenga zilembo ziwiriziwiri, china pamwamba china pansi. Zikasiyana, tiwonjezera 1. Yankho la mizere yathu ndi 1.

Ambiri mumafuna kulumpha mizere iwiri yoyeza utali ija, eti ndi yotopetsa. Ndiye yofunika kwambiri kwa ine. Zip akapeza mzere wina ndi waufupi, amangolekeza pomwe wathera, osadandaula. Fufutani C woyamba pa mzere wapamwamba, muufanizire ndi momwe unalili kale. Chasowa chilembo chimodzi, koma pulogalamu yopanda chiyeso chija ikuuzani 8. Zili ngati kumanga malaya utaphonya batani loyamba: onse otsatira amalowa pabowo la eni. Chilembo chikasowa kapena kuwonjezeka, pamafunika njira ina yoyamba yafoletsa mizereyo bwino, monga ya Needleman ndi Wunsch ya 1970.

Ntchito ya kunyumba: sinthani pulogalamuyi kuti izitchulanso malo amene pasiyana. Ikakupatsani 7 m'malo mwa 8, musaikalipire, Python amayamba kuwerenga pa 0.