Phunziro 23: Mau a Cingelezi Onena za Kucoka Msanga

Munthu wolankhula Cinyanja sasowa mau akafuna kunena kuti mnzace wacoka msanga. Akhoza kunena kuti anafulumira, kapena kuti anazemba, kapena kuti anathawa; ndipo liwiro likakhala lalikulu anena kuti munthuyo anati phazi thandize. Mwana ali yense adziwa kuti mau awa sali amodzimodzi. Wofulumira ali nako kumene apita, wozemba safuna kuoneka, koma wothawa ali naco cimene aopa. Cingelezi naco cisiyanitsa zimenezi. Koma ana ambiri a sukulu, polemba nkhani, agwira mau amodzi okha, ndiwo "ran away", nawaika pali ponse. Ndipo potero anenera anthu milandu imene sanaicite.

Liu loyamba kuliphunzira ndilo "leave", ndiko kucoka. Ponena zapita liu ili lisanduka "left", "leaved" kulibe. Ubwino wace ndi wakuti silinena cifukwa cimene munthu wacokera, ndipo silimnenera coipa. Wofuna kuonetsa cangu aonjeza mau ena pambuyo pace, monga "He left at once", "He left quickly", kapena "He left in a hurry". Kaliu kakang'ono ako "a" kasasiyidwe, pakuti "in hurry" ndi Cingelezi cothyoka. Cozizwitsa ndi cakuti "in haste", mau a tanthauzo lomwelo, safuna "a" konse. Umenewo ndi mwambo wa cinenero ca eni ace, ndipo wophunzira ayenera kungousunga m'mutu. Asungenso ici: "quick" libala "quickly", koma "fast" likhala "fast" nthawi zonse. Wolemba "He walked fastly" walakwa, ngakhale mauwo amveka okoma m'khutu mwace.

Pali msampha wina pa liu lomweli. M'Cinyanja munthu acoka ku Lusaka, napitanso ku Lusaka. "Ku" ndi mmodzi yemweyo. Cifukwa cace mwana afunafuna liu la Cingelezi loti aike m'malo mwa "ku", nalemba "left to Lusaka", cimene Mngelezi sanena. Njira zoyenera ziri ziwiri, ndipo ziyang'ana kosiyana. "Mother left Lusaka this morning" ndiko kuti amai anacoka mu mzindawo; "Mother left for Lusaka this morning" ndiko kuti ananyamuka kupita kumeneko. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 500. Mwana akasokoneza mau awiriwa mu uthenga wace, amalume ace adzakhala tsiku lonse pokwerera basi kudikira mlongo wao amene ali kutsidya lina la Luangwa.

Mau ena anena okha za cangu, osafuna coonjezera. "She hurried off" ndiye wacoka mofulumira. "She rushed out" liposa mphamvu, monga acita mai amene wamva mwana akulira pabwalo. "He dashed off" linena kunyamuka kwadzidzidzi, monga mnyamata wotumidwa kukagula mcere ndiwo ziri pamoto. Onsewa alibe citonzo. "He slipped away" ndiko kuzemba, kucoka mwakacetecete anthu osaona. Munthu akhoza kutero pa msonkhano wautali wopanda kulakwira munthu, ngakhale akulu sakondwera nako.

Koma "run away" ndi liu lolemera. Wocita "run away" athawa cinthu: cirombo, cilango, ngongole, kapena mlandu. Wophunzira aganize za munthu wogulitsa nsomba pa msika wa ku Katete. Dzuwa liri pamutu afika mwana kudzamuuza kuti mkazi wace wadwala kwambiri. Munthuyo amanga katundu wace, nanyamuka wosatsazika anzace. Pa ora lomwelo njinga ya munthu wina isowa pamsikapo. Tsono mnyamata amene anaona zonse afunsidwa kuti alembe cimene anaona. Akalemba kuti "The fish seller left in a hurry", wanena zoona, ndipo wofunsa adzafuna kudziwa cifukwa cace. Akalemba kuti "The fish seller ran away", wanena kale kuti munthuyo anali ndi coopa, ndipo ali yense wowerenga adzakumbukira njinga ija. Mnyamatayo sanafune kunama, anangosowa liu. Komatu wogulitsa nsombayo akhoza kugona m'manja mwa apolisi cifukwa ca kusowa kumeneko.

Nkhani iyi si yaing'ono m'Zambia, pakuti Cingelezi ndico cinenero ca boma. Mboni ikalankhula Cinyanja pamaso pa majisitireti, womasulira atembenuza mau ace, ndipo colembedwa m'buku la mlandu ndi Cingelezi. Kumeneko kumveka mau ena olemera koposa. "He made off with the bicycle" ndiko kuti anathawa nayo njinga, ndipo wonena cotero wamucha kale munthuyo mbala. "He escaped" linena za wopulumuka m'ndende, m'msampha kapena m'moto. "He absconded" ndi liu la amilandu, lonena munthu wozemba mobisika kuti asagwidwe, kawirikawiri ali ndi ndalama za eni. Mwana wa sukulu sayenera kufulumira kulemba mau otere pofuna kuonetsa nzeru. Liu lalitali loikidwa polakwika lipweteka koposa liu lalifupi.

Lina ndilo "flee", limene ponena zapita likhala "fled". Ili linena kuthawa coopsa cacikulu, monga nkhondo kapena cigumula, ndipo lipezeka kwambiri m'mabuku a mbiri. Angoni a Zwangendaba anacoka kum'mwera m'masiku a nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi m'caka ca 1835. Wolemba za ulendo wao akhoza kunena kuti "They fled to the north". Koma mwana wothawa kusesa pabwalo sayenera liu lalikulu lotere. Ambiri asokonezanso "fled" ndi "flew". "Flew" licokera ku "fly", kuuluka, ndipo wolemba mayeso acita bwino kulisiyira mbalame ndi ndege. Mbala alibe mapiko.

Angelezi ali nayonso miyambi yao ya kucoka. "He took to his heels" afanana kwambiri ndi phazi thandize, kusiyana kwace n'kwakuti iwo achula cidendene. "The horse bolted" anena za kavalo wodzidzimuka amene athamanga wosamveranso mwini wace, ndipo liu lomweli aligwiritsa pa munthu wotuluka mwa mantha. Wina wosekeretsa ndi "to take French leave", ndiko kucoka wosatsazika kapena wosapempha cilolezo. Mau awa anayamba kumveka ku England m'zaka za m'ma 1700. Afalansa nao, ponena khalidwe lomwelo, ati munthu wacoka Cingelezi. Mtundu uli wonse ukankhira mwano kwa mnansi wace. Miyambi yotere ikometsa nthano ndi maceza, koma siilowa m'kalata ya kwa akulu. Mwana amene anacoka pa sukulu nthawi isanakwane alembe kwa aphunzitsi akulu momveka kuti, "I left early because my mother was ill."

Nchito

1. Wophunzira atembenuze m'Cingelezi: (a) Atate ananyamuka kupita ku Petauke m'mamawa. (b) Mlendo anazemba phwando lisanathe. (c) Mbala inathawa nayo mbuzi.

2. Akonze mau awa: "He leaved to Chipata in hurry."

3. Alembe mizere isanu ya Cingelezi yonena za wogulitsa nsomba uja monga mboni yoona, wosagwiritsa mau akuti "ran away".