Pikapu ikamalira ngati misomali m'chitini: petulo ndi taimingi ku Benga

Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, phula la msewu wa M5 ku Benga limanyezimira ngati lathiridwa madzi. Pikapu imanyamuka pamsika itasenza matumba a mpunga, madengu a usipa wouma ndi anthu angapo atakhala pamwamba pa katunduyo. Dalaivala akaponda moto ali mu giya yaikulu, mu boneti mumamveka kaphokoso kosongoka, ngati misomali yomwe ikugwedezeka m'chitini. Ambiri amangokweza wailesi. Komatu kaphokosoko ndi kamene kamaboola pisitoni, ndipo kunyanja kuno kamabwera msanga kuposa kumtunda.

Mu injini ya petulo, pisitoni imapanikiza mafuta osakanikirana ndi mpweya, pulagi n'kuthetheka, moto n'kuyenda mwadongosolo mpaka mafuta onse apse. Kukatentha kwambiri kapena kupanikizako kukanyanya, mafuta omwe moto sunawafike amaphulika okha nthawi yake isanakwane, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati nyundo. Izi n'zosiyana ndi zimene amakaniko amanena akati injini yanoka, pomwe ma bearing amakhala atatha. Koma kulira kumeneku kukalekereredwa, mwini galimoto amakafikabe pa ovaholo yomweyo: ma ring a pisitoni osweka, gasiketi yopserera, pisitoni yodyeka pamutu.

Nambala ya octane imanena mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha. Siinena za liwiro, ndipo petulo wa nambala yaikulu sawonjezera mphamvu mu injini yomwe siimufuna. Amalawi omwe anakhalako ku Joni amadziwa mapampu awiri aja, wa 93 ndi wa 95. Akatsikira ku Durban amapeza 95 yekha. Chifukwa chake n'chakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, komwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini siipanikiza kwambiri, pamene m'mbali mwa nyanja mpweya ndi wolemera.

Nkhani yomweyi ilipo kwathu kuno. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo Benga siitalikira nyanjayo. Pikapu yomwe inatchunidwa ku Lilongwe m'mawa wozizira wa mu Juni, yopanda katundu, imatha kuyenda mwakachetechete kumeneko. Ikatsika phiri kudutsa pa Chezi ndi Mvera, n'kukhota pa Kaphatenga kulowa M5, imakumana ndi mpweya wolemera komanso wotentha. Taimingi (nthawi imene pulagi imathetheka) yomwe inali bwinobwino kumtunda imakhala yatsogola, ndiye misomali ija imayamba.

Pa malo omwetsera mafuta a m'Malawi muno mulibe kusankha pakati pa 93 ndi 95. Petulo ndi mmodzi, mtengo wake umalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo amasakanizidwa ndi ethanol. Boma la Nkhotakota lili ndi gawo lalikulu pa mbiri imeneyi, pakuti fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa inayamba mu 1982 kupanga ethanol kuchokera ku molasses wotsala popanga shuga, ndipo mu 2004 PressCane inatsegula ina ku Chikwawa. Ethanol payekha octane yake imaposa 100, choncho akalowa mu petulo amakweza nambala ija. Ali ndi zofooka ziwiri zoyenera kuzidziwa: amakoka chinyezi, komanso amaumitsa mapaipi a labala a galimoto zakale mpaka kuyamba kudontha.

Choncho kusankha kwenikweni kwa mwini pikapu wa ku Benga kuli pakati pa pampu ndi chigubu. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga mu 2022 ndi 2024 pomwe mizere inkagona pa mapampu, mafuta a m'zigubu ndiwo ankayendetsa anthu, ndipo palibe angadzudzule munthu yemwe usipa wake ukudikira msika. Vuto n'loti ena amathiramo parafini kuti achuluke. Parafini octane yake ndi yotsika kwambiri, moti malita ochepa chabe amakwanira kuliritsa injini yomwe dzulo inali chete. Sapsa yense, amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Chigubu chomwe chakhala masabata padzuwa chili chosatseka bwino chimataya mbali yopepuka ya petulo, chimamwanso chinyezi cha kunyanja, ndipo madziwo amakoka ethanol n'kukhala naye pansi. Wogula athire pang'ono mu botolo loyera, alisiye mphindi zingapo. Akaona mzere wolekanitsa pansi, kapena mafuta a mbuu, asawathire mu thanki. Dontho la petulo wabwino pa pepala loyera limauma msanga osasiya chizindikiro. Losakaniza parafini limasiya banga la mafuta.

Pa kutchuna, pikapu zakale za kabuleta ndi distributor, monga Nissan 1400 yomwe inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndizo zimalola dzanja la makaniko. Chizolowezi chofala n'chomasula bawuti, kupotoza distributor mpaka injini imveke yaukali ili chiimire, n'kumanga. Khutu limakonda taimingi yotsogola, ndipo pamenepa ndi pomwe injini zambiri zimafera. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito tochi ya taimingi, kuika pa madigiri omwe wopanga injiniyo analemba, kenako kukayesa pamsewu. Kuyesako kuchitike masana, injini itatentha, katundu ali momwemo. Pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, mu giya yomaliza, dalaivala aponde moto mpaka pansi. Kulira kwa kamphindi komwe kukutha kokha sikuopsa. Kukapitirira, taimingi ibwezedwe m'mbuyo madigiri awiri, ayesenso. Asapyoze muyeso pobweza, chifukwa taimingi yochedwa imatenthetsa injini ndi ekizozi, imamwa mafuta, galimoto n'kumakanika chitunda.

Kutsina kabuleta pofuna kupulumutsa mafuta nakonso kumaliritsa injini, popeza mafuta akachepa moto umatentha kwambiri. Pulagi ndiyo mboni yake. Nsonga yofiirira ngati khofi wamkaka ndiye kuti zili bwino, yoyera mbee ndiye kuti mafuta achepa, yakuda mwaye ndiye kuti achuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi la misewu ya kumidzi.

Pikapu zatsopano, monga Hilux ya petulo ya malita 2.7 kapena Nissan NP200, zili ndi kompyuta komanso sensa yomwe imamva kulira kuja n'kubweza taimingi yokha. Mafuta akakhala oipa sizilira kwambiri, zimangofooka n'kuyamba kumwa. Apa palibe chopotoza. Nyali ya injini ikayaka, galimoto ipite kwa amene ali ndi makina owerengera kompyutayo, osati kuchotsa babu. Ogula galimoto zakale za ku Japan ayang'ane mkati mwa chitseko cha thanki, pakuti zina zinapangidwira petulo wa octane yapamwamba yekha.

Pikapu za dizilo octane siizikhudza, muyeso wake ndi cetane, womwe umafuna mafuta oyaka msanga. Adani ake ndi madzi, dothi ndi parafini, yemwe amachotsa kuterera komwe pampu ndi ma injector amadalira. Kutsegula sikuluwu ya pampu kuti ikoke kwambiri kumangobala utsi wakuda ndi kutentha.

Katundu naye ali ndi mbali yake. NP200 inalembedwa makilogalamu 800, omwe ndi matumba 16 a makilogalamu 50 popanda wokwera pamwamba. Ikasenza kuposa apo n'kuyamba kukwera phiri la ku Mvera, dalaivala atsike giya injini isanayambe kulira, aziyang'ana singano ya kutentha, ndipo madzi a mu lediyeta akhale atawaona injini ili yozizira asananyamuke pa Benga.