Mayi akachira kuno ku Washington, chikuta timange tokha

Kumudzi mayi akachira sakhudza mphika. Amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, amayi ake kapena apongozi akumuphikira phala, kumutenthetsera madzi ndi kumulandira khanda kuti apumeko. Ku Silver Spring, Hyattsville kapena Alexandria, chipatala chimamutulutsa pakangopita masiku awiri kapena atatu. Bambo abwerera kuntchito ya usiku, agogo ali ku Dedza kudikira visa, mayi watsala yekha ndi mwana wolira. Chikuta chimenecho tiyenera kuchimanga dala.

Yambani ndi tulo. Bambo, tengani mwana kwa maola anayi kapena asanu otsatizana, mayi atafinyiratu mkaka m'botolo, iye akagone chipinda china chitseko chotseka. Ambiri ogwira ntchito m'makampani a mu DC, ngakhale akukhala ku Maryland kapena Virginia, ali ndi mwayi wa tchuthi cholipidwa cha makolo mpaka milungu 12, abambo omwe. Funsani za tchuthichi mwana asanabadwe.

Anzathu akutchalitchi, musamufunse mayi kuti "tikuthandizeni chiyani?" Adzayankha kuti zonse zili bwino, mukudziwa mmene tinaleredwera. Gawanani masiku pa WhatsApp, mubwere ndi ndiwo zophikaphika, mutsuke mbale, mutenge mwana wamkulu kupita naye kokasewera. Mlendo wofuna kuphikiridwa nsima adikire kaye.

Kulira popanda chifukwa m'masiku oyambirira kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe milungu iwiri. Zikapitirira pamenepo, tcherani khutu. Mayi sakugona ngakhale mwana ali m'tulo, chakudya sichikulowa, foni sakuyankha, akungodziimba mlandu kuti ndi mayi wolephera, kapena akuyamwitsa maso ali kukhoma. Amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka. Bungwe la CDC limati pafupifupi mayi mmodzi mwa 8 alionse amakhala ndi zizindikiro zake. Si ulesi, si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Pempherani naye, koma mupite nayenso kwa dokotala.

Kusikelo ya mwana madokotala ambiri amapatsa mayi pepala la mafunso 10 okhudza mmene akumvera mumtima. Ambiri a ife timangolemba kuti tili bwino poopa kuti atilanda mwana. Pepalalo cholinga chake ndi kukupezerani thandizo, ndiye yankhani zoona. Uphungu ulipo, mankhwala aliponso, ena oti mungamwe mukuyamwitsa. Dokotala adzakuuzani oyenera. Medicaid ku DC, Maryland ndi Virginia imapitiriza kulipirira mayi woyenerera kwa miyezi 12 atachira, ndipo Mary's Center, yomwe ili ndi zipatala mu DC ndi ku Silver Spring, imathandiza amayi pa vuto limeneli. Usiku mukasowa wolankhula naye, imbani kapena lembani uthenga pa 1-833-852-6262, nambala yaulere ya amayi yomwe boma linatsegula mu 2022.

Chimene chimawawa amayi ambiri ndi choti sakumva chikondi chimene amayembekezera pa mwana wawo, ndipo amachita manyazi kunena. Kwa ena chimabwera pang'onopang'ono, m'ntchito za tsiku ndi tsiku. Mayi, mugonekeni mwana pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, inu muli maso. Pomusambitsa muzimuuza m'Chichewa zimene mukuchita. Akatulutsa kamawu, muyankheni, kenako mudikire, muone mmene akuyang'anira pakamwa panu. Khosi likalimba, chitenje chigwire ntchito yake, mutuluke naye masana dzuwa lisanalowe, makamaka mu Disembala pamene mdima umagwa cha m'ma 5 koloko.

Mayi akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kulankhula zosokonekera, kukhala masiku osagona, kapena kunena zodzipweteka yekha kapena mwana, musamusiye yekha ndipo musadikire kuti kuche. Imbani 911 kapena mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, wina atanyamula mwana.