Kudula ndi Kulumikiza Zithunzi Pokonza Kanema

Kanema sajambulidwa motsatira ndondomeko ya nkhani yake. Wojambula amatola zidutswa zambirimbiri, ndipo ntchito ya mkonzi ndi kusankha, kudula ndi kulumikiza zidutswazo. Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti tanthauzo la kanema limabadwa pamene zidutswa ziwiri zakumana.

Cha m'ma 1920, katswiri wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi cha nkhope ya bambo wina yosaonetsa kukondwa kapena kukwiya. Anachilumikiza ndi mbale ya chakudya, kenaka bokosi la maliro, kenakanso mayi wokongola. Oonerera anaona njala, chisoni ndi chilakolako, chonsecho nkhope inali imodzimodziyo.

Pofuna kutsogolera maganizo a oonerera motere, mkonzi amatsata mfundo zingapo. Poyamba, amadula munthu ali mkati mochita chinthu, monga kutsekula chitseko, kuti diso lisazindikire podulidwapo. Kachiwiri, anthu awiri akamacheza, amene ali kumanzere amakhalabe kumanzere. Akasinthana mbali oonerera amasokonezeka. Kachitatu, zidutswa zifupizifupi zimautsa mantha. Sergei Eisenstein anachita zimenezi mu kanema wa 1925, Battleship Potemkin, poonetsa asilikali akuwombera anthu mumzinda wa Odessa.

Pomaliza, luso limeneli limafuna chilungamo. Kungochotsa mawu oti "ayi" m'zoyankhula za munthu kungamunenetse zomwe sananene. Choncho tikalandira kanema pa WhatsApp, tizidzifunsa kuti chadulidwa n'chiyani tisanaweruze munthu.