Malangizo kwa Oyendetsa Galimoto m'Mapulazi a Mashonaland Mukaimitsidwa pa Rodibuloko

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, misewu yochokera ku Karoi, Banket, Mvurwi ndi Bindura imadzaza ndi malole a mabelo, ndipo apolisi a ZRP nawonso amachuluka m'mbali mwa msewu. Ena mwa madalaivalawa ndi ana ndi adzukulu a makolo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland. Mantha a makolowo tinawatengera. Tikaona yunifomu timathawa, kapena timapisa m'thumba tisanauzidwe ndi mlandu womwe. Malangizo awa ndi othandiza kuti musachite ziwiri zonsezi.

1. Imani. Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act limapatsa wapolisi wovala yunifomu mphamvu yokuimitsani, ndipo kukana ndi mlandu pakokha. Yatsani indiketa, patukirani kumanzere, tulukani pa tala ngati malo alipo, kokani handibuleki. Lole yodzaza siima ngati njinga, choncho yambani kuchepetsa liwiro mukangoona zikwangwani kapena migolo. Usiku yatsani nyali ya m'kati, manja akhale pa chiwongolero.

2. Musathawe ngakhale mapepala anu ali operewera. Mu May 2022 anthu anayi anafa ku Mutare pa ngozi ya kombi imene mboni zinati inaponyeredwa zisonga zachitsulo zoboola matayala. Zitachitika izi, mkulu wa apolisi pa nthawiyo, a Godwin Matanga, analetsa zisonga zoponya pamanja. Chiletsocho chimamanga apolisi, koma dalaivala wa mushikashika amene akuthawa atapanikiza anthu asanu ndi atatu m'kagalimoto ka anthu anayi akhoza kuwapha popanda chisonga chilichonse.

3. Konzekani musanachoke pa pulazi. Mukhale ndi laisensi yanu, disiki ya ZINARA ndi inshuwalansi. Malamulo a 2015, otchedwa SI 129, amafunanso chozimitsira moto, matirayango awiri, tayala lapadera, jeke, sipanala, ndi zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Thirakitala ikalowa mumsewu wa boma imafunanso dalaivala wa laisensi, ndipo ngolo yake ikhale ndi zonyezimira. Apa ndi pamene akapitawo ambiri amalakwitsa. Amatuma mnyamata ku chigayo madzulo ndi ngolo yakuda bii pamsewu wa Chirundu, pamene malole opita ku Zambia amathamanga usiku wonse.

4. Funsani mlandu wake, mwaulemu. "Bwana, ndalakwa chiyani?" si chipongwe. Muli ndi ufulu wofunsanso dzina la wapolisiyo, nambala yake ndi polisi imene akuchokera.

5. Dziwani chimene mukusayina. Faindi ya pamsewu ndi kuvomera mlandu, ndipo munthu sakakamizidwa kuvomera. Mu February 2015, woweruza wa khoti lalikulu, a Francis Bere, potsegulira chaka cha makhoti ku Masvingo, ananena poyera kuti palibe lamulo lokakamiza dalaivala kulipira pomwepo, kapena lolola kulanda galimoto chifukwa alibe ndalama m'thumba. Apolisi anatsutsa, ndipo chizolowezicho sichinathe, ndiye musayembekeze kuti mukatchula dzina la a Bere mudzangouzidwa kuti pitani. Komabe ngati mukukana mlandu, pemphani kuti akulembereni pepala lokaonekera kwa majisitireti. Ngati mwalakwadi, lipirani ndipo landirani lisiti lolembedwa tsiku, mlandu ndi ndalama zimene mwapereka. Ndalama yopanda lisiti, ija amati "ya drinki", ndi ziphuphu, ndipo woperekayo ali ndi mlandu ngati wolandirayo.

6. Mukamangidwa, gawo 50 la malamulo aakulu a dziko a 2013 likuti muuzidwe chifukwa chake nthawi yomweyo, muloledwe kudziwitsa wachibale kapena loya, mukhoza kukhala chete, ndipo mufike kukhoti pasanathe maola 48. Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulowo, choncho ngati Chishona kapena Chingerezi chikukuvutani, pemphani womasulira kukhoti. Chitupa chakale cholembedwa "alien" chisakuchititseni manyazi. Gawo 43 likuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndipo iye ankakhala konkuno pamene malamulowa ankayamba, ndi nzika yobadwa.

7. Dandaulo musalipereke pamsewu. Lembani tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto ya apolisi ndi mayina a amene munakwera nawo. Kenako pitani kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, kaya ku Chinhoyi, Bindura kapena Marondera. Nkhani ya ziphuphu ipite ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ZACC, ndipo ngati munamenyedwa, yambani mwapita kuchipatala kuti mabala alembedwe asanapole.